A Mkonzi, tikambeko za magemu ofukula zakale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko za nkhani yomwe ena aziona ngati yachibwana koma ife takangana nayo pafupifupi mwezi wathunthu pa gulu lathu la pa WhatsApp, gulu la anthu osewera magemu apakompyuta. Nyuzi zikati zinene za magemu nthawi zambiri zimangoti ana akuonongeka, ana sakuwerenga, akungokhalira mpira ndi mfuti pa sikirini, ndipo sindikukana kuti zina mwa izo ndi zoona. Koma pali mtundu wina wa magemu omwe sindinaonepo mukulemba, aja oti iweyo ndiwe munthu wofukula zakale, ukulowa m'mabwinja, m'mapanga, m'manda a mafumu, ndiye kuti chitseko chitseguke uyenera kumasula puzzle, titi ndagi yomwe anthu akalewo anasiya pa khoma. Ine amenewa ndi amene ndimawakonda ndipo ndili nawo mawu, okoma ndi owawa omwe.

Mkangano unayamba ndi mnzathu wina ali ku Johannesburg, iye ndi yekhayo pa gulu lonse amene wasewera Indiana Jones and the Great Circle ija inatuluka mu Disembala 2024, yopangidwa ndi kampani ya ku Sweden ya MachineGames. Enafe timangoonera pa YouTube chifukwa gemuyo imafuna malo okwana 120 GB komanso graphics card yamakono, laputopu yanga singayerekeze n'komwe, nanga bandulo yodawunilodera chinthu chotero uitenga kuti. Ndiye iye anabwera kuti amangwetu iyi ndiye gemu, nkhani yake ndi ya mu 1937, ukuyenda ku Vatican, ku Giza, ku Sukhothai ku Thailand uko, uli ndi kamera ndi kabuku kolembamo zomwe waona, ndipo akuti akumamva ngati ndi iyeyo akufukula. Wina n'kumuyankha kuti aise, ine zomwe ndikuona pa mavidiyo ndi zibakera ndi kubisalira asilikali, kufukulako kuli pati? Basi nkhani inayambira pomwepo, aliyense n'kutulutsa gemu yake ya pamtima.

Ine yanga yoyamba inali Indiana Jones and the Fate of Atlantis ya LucasArts, ya 1992, achimwene anga ndi amene anandiikira pa kompyuta yakale ya kunyumba patapita zaka zambiri itatuluka, ndipo mpaka lero imatheka kusewera olo pa laputopu yofooka kudzera pa pulogalamu ija ya ScummVM. Mulibe zothamangathamanga, umangodina ndi mausi, tenga ichi, yang'ana icho, lankhula ndi uyu. Chomwe chinandigwira mtima ndi miyala itatu yozungulira ija, wa dzuwa, wa mwezi ndi wa dziko, umaisanjikiza pa kamtengo n'kumaitembenuza, koma kuti udziwe poimitsa uyenera kutsegula buku la Plato lomwe uli nalo m'thumba n'kuwerenga bwinobwino, ndipo yankho lake limasintha ukayambanso gemu, ndiye sungangofunsa mnzako kuti unaika pati. Uwerenge wekha basi. Komanso pakatikati imakupatsa njira zitatu, kuyenda ndi Sophia Hapgood, mnzake wa Indiana Jones, muzithandizana, kuyenda wekha ndi nzeru, kapena kuyenda ndi zibakera, ndiye pa gulu lathu munthu akangonena njira yomwe anasankha umadziwiratu kuti pa mkangano wathu aima mbali iti.

Pamenepa ndi pomwe tonse tinagwirizana kanthawi kochepa, zoti puzzle yabwino ndi ija yankho lake lili pamaso pako kungoti sunaliwerenge. Yoipa ndi ija yomwe wopanga gemu yekha ndi amene akudziwa zomwe amaganiza. Aliyense anatchula mbuzi. Amene anasewera Broken Sword: The Shadow of the Templars ya 1996, ya Revolution Software a ku York, akuidziwa mbuzi imeneyi, ili pa bwalo la nyumba yachifumu yakale ku Ireland, George Stobbart, munthu amene iwe umamuyendetsa, akangoyandikira polowera pansi imamugunda n'kugwa. Gemu yonse yakhala ikukuphunzitsa kuganiza mofatsa, ndiye apa mwadzidzidzi ikufuna kuti mbuzi ikangokugwetsa iwe udine msangamsanga pa chitsulo cholimira chili mbali inayo kuti chingwe chake chikodwe. Palibe chokuuza. Anthu anakhalapo masiku, ena anaisiyira pomwepo, mpaka eni ake atatulutsa gemu yokonzedwanso ya Director's Cut mu 2009 anaifewetsa. Ine ndinakhala nayo sabata, ndipo nditaona yankho sindinamve kukoma kulikonse, chifukwa sichinali chinthu choti ukanachipeza poganiza.

Koma pomwe tinasiyana kwambiri ndi pa Tomb Raider, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Ndinene kaye chilungamo, yoyamba ija ya 1996 ya Core Design a ku Derby ndinaikonda ndipo ndimaikondabe. Bata lake lija, uli wekhawekha m'phanga la ku Peru, nyimbo palibe, ukungomva mapazi a Lara Croft, mayi amene iwe umamuyendetsa, ndi madzi akugwa patali, ukukoka chitsulo apa n'kumva chitseko chatseguka kwina komwe sukukuona ndiye uyambe kufunafuna. Zimenezo anazipanga bwino zedi. Uncharted nayonso, ya Naughty Dog yoyambira 2007, ya nambala 4 ija ya 2016 yomwe amafika mpaka ku Madagascar kusaka chuma cha wakuba wa panyanja Henry Avery, kukongola kwake palibe angatsutse.

Vuto ndinaliona tsiku lina ndikusewera Shadow of the Tomb Raider ya 2018 mwana wa achemwali anga atakhala pambali, mtsikana wa Fomu 2, amakhala nafe nthawi ya holide. Koyambirira kwenikweni Lara ali ku Cozumel ku Mexico, akulowa m'kachisi wa pansi, akupeza mpeni wakale uli pamalo pake, pa khoma pali chenjezo, iye n'kuutenga basi, kenako madzi osefukira akumiza tawuni yonse anthu n'kufa. Mwanayo anangoti, amalume, nanga eni ake a zinthu zimenezi anawapempha? Ine ndinati ayi. Iye n'kuti ndiye akusiyana bwanji ndi aja amafukula manda usiku. Ndinaimitsa gemu. Kunena zoona gemu imeneyo imayesa ndithu kumudzudzula Lara pa zomwe wachitazo, koma ukapitirira ukupezanso kuti ntchito ndi yomweyo, lowa m'manda, tsegula bokosi, tenga, ndipo pofika kumapeto kachisi wagumuka. Pafupifupi magemu onse a mtunduwu amathera pamenepo, malo omwe akhala zaka masauzande ali chilili akugwa tsiku lomwe ngwazi yathu yafikapo.

Nditalemba izi pa gulu mnzathu wina wokonda Uncharted anati man mukuonjeza, ndi gemu chabe, munthu akaweruka ku ntchito akufuna kusangalala osati kalasi ya History. Ndimamumvetsa, nanenso sindifuna gemu yondilalikira. Koma mawu oti ndi gemu chabe ine andivuta, chifukwa nthano yomwe magemuwa amabwereza sanaipeke okha, inachitikadi ndipo inachitikira pafupi pompa.

Taonani, mu Tomb Raider yoyamba manda a ku Peru aja ndi a Qualopec, wolamulira wa ku Atlantis, dziko la m'nthano lomwe amati linamira m'nyanja, osati munthu wa ku Peru. Mu Fate of Atlantis namonso zodabwitsa za ku Tikal ndi ku Crete mizu yake ikukathera ku Atlantis. Nthawi zonse chinthu chikakhala chachikulu ndi chaluso ndiye kuti anamanga ndi anthu ena otayika ochokera kutali, eni dera amangokhala onyamula katundu kapena okuponyera mikondo. Ndiye kumbukirani za Great Zimbabwe. Karl Mauch wa ku Germany atafika pa mabwinja aja mu 1871 anati izi ndi za Mfumukazi ya ku Sheba, Theodore Bent mu 1891 n'kuloza kwa Afoinike kapena Aluya, aliyense kufunafuna mlendo woti amupatse makoma aja, makoma a miyala yosanja popanda matope ena otalika mamita 11, chifukwa m'mutu mwawo munthu wakuda sakanatha. Mu 1895 kunakhazikitsidwa kampani yeniyeni, Rhodesia Ancient Ruins, ntchito yake kukumba mabwinja ena a dzikolo kusaka golide. Kenako Richard Nicklin Hall, amene anaikidwa kuti aziyang'anira Great Zimbabwe mu 1902, anakokolola dothi lambirimbiri m'kati mwa makoma n'kukataya ati akuchotsa zinyalala za anthu akuda kuti apeze za omanga enieni pansi pake, osadziwa kapena osafuna kudziwa kuti zomwe akutayazo ndiye umboni wake. Mbalame zosema pa mwala zija, zomwe chithunzi cha imodzi mwa izo lero chili pa mbendera ya Zimbabwe, zinanyamulidwa kupita kunja, zina zinabwerera dziko litalandira ufulu.

Amene anakonza bodza limeneli sanabwere ndi mfuti kapena chikwapu. David Randall-MacIver mu 1905, kenako mayi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anakumba pang'onopang'ono, kuona kuti phale ili lili pansi pa chiyani, mkanda uwu uli pamwamba pa chiyani, n'kunena poyera kuti omanga ndi Aafirika, makolo a Ashona. Ndipo ngakhale zinali choncho boma la Rhodesia linapitiriza kukakamira nthano ya alendo mpaka katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunena zomwe iwo amafuna. Ndiye munthu akandiuza kuti ndi gemu chabe ine ndimaona Hall ndi fosholo yake. Eni ake a Tomb Raider nawonso akudziwa, pomwe magemu atatu oyamba anatulutsidwanso mu 2024 a Crystal Dynamics anaika uthenga koyambirira wovomera kuti muli zithunzi zonyoza mitundu ya anthu, ndipo osewera ena kunjako anakwiya nawo uthengawo, ena anati bola avomera.

Chomwe magemu ambiri saonetsa n'choti kwa wofukula weniweni chinthu chikachotsedwa pamalo pake popanda kulemba chataya theka la phindu lake. Dothi limakhala mosanjikizana, zapansi ndi zakale kuposa zapamwamba, ndiye kachidutswa ka khala lopezeka pambali pa phale kangathe kukuuza zaka za phalelo kudzera mu njira ija ya radiocarbon yomwe Willard Libby anatulukira cha m'ma 1940, poti carbon-14 amatha ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse. Khala, a Mkonzi, osati golide. Konkuno a Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga a Maravi, n'kupeza mapale, mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ndi tizidutswa ta mbale za ku China, ndipo tinthu timeneti ndi tomwe tikusonyeza kuti makolo athu ankachita malonda ofika mpaka ku nyanja ya mchere. Munthu wothamanga ngati Lara akanangoponda zonsezo n'kudutsa akufuna bokosi lowala.

Ndiye funso lomwe mnzathu uja anandibwezera, ndipo ndi funso labwino, linali loti kodi gemu yosefa dothi ndi sefa tsiku lonse angasewere ndani. Yankho langa ndi loti alipo magemu omwe anapeza njira, anasiya zotenga n'kugwira zowerenga, ndipo kwa ine ndi amene amakoma kuposa onse.

Heaven's Vault ya 2019, ya kampani yaying'ono ya inkle ya ku Cambridge, iwe ndiwe Aliya Elasra, wofukula zakale woyenda ndi loboti dzina lake Six, mfuti mulibe. Ukapeza kachinthu, kaya ndi mphika kaya ndi chitseko, pamakhala malemba a chilankhulo chakufa, ndiye umayerekeza kuti mwina mawu awa ndi madzi, awa mwina ndi mulungu, ndipo gemu sikuuza pompo kuti walondola kapena walakwa, umapitirira ndi kulakwitsa kwakoko mpaka malemba ena kutsogolo akane kugwirizana nazo ndiye ubwerere ukakonze. Pang'ono ndi pang'ono umayamba kuona kuti mawu aatali ndi timawu tating'ono tolumikiza, monga mmene ife timaonera kuti mphunzitsi, wophunzira ndi phunziro muzu wake ndi umodzi. Pa gulu ena anaidandaula kuti ndi yozizira, maulendo a pa chombo ochoka pa malo ena kupita pa ena ndi aatali mpaka tulo, ndipo pamenepo akunena zoona, nanenso ananditopetsa. Koma tsiku lomwe ndinawerenga mzere wathunthu ndekha gemu isanandithandize ndinamva chinthu chomwe bokosi lililonse la golide la mu Uncharted silinandipatsepo.

Ina ndi Chants of Sennaar ya 2023, ya anyamata a ku France a Rundisc, nkhani yake anaitengera pa nsanja ya Babele, mitundu isanu ya anthu ikukhala mosanjikizana pa nsanja imodzi koma sakumvana, iwe ukukwera n'kumaphunzira malemba a mtundu uliwonse. Imeneyi ndi yopepuka, laputopu yanga imainyamula bwinobwino, ndiye tinasewera limodzi ndi mwana wa achemwali uja. Poyambira penipeni pali chitsulo chokoka ndi chitseko, pambali palembedwa tizizindikiro, ukakokera mmwamba chitseko chatseguka, pansi chatsekeka, basi wadziwa mawu atatu, tsegula, tseka, chitseko, popanda wokuuza. Mwanayo anakatenga kope lake lakale la Agriculture, masamba otsala kumbuyo, n'kujambula mizere itatu, chizindikiro, zomwe tikuganiza, zomwe zatsimikizika. Usiku wina magetsi atazima batire ya laputopu n'kutha tinakhala pa mkeka ndi tochi ya foni tikungoyang'ana kopelo, iye n'kuloza ndi pensulo kuti amalume taonani, chizindikiro cha munthu akachilemba kawiri ndiye kuti anthu, ambiri. Ndipo zinalidi choncho, anthu a pansi pa nsanja aja amachulukitsa pobwereza. Anadzuka n'kuvina pabalaza, agogo ake kumufunsa kuti kodi wapambana chiyani iye n'kuti ndawerenga.

Ndinamuuza usiku womwewo za Jean-François Champollion, kuti mu 1822 anamasula malemba a ku Egypt mwa njira yofananako, poyerekeza maina a mafumu ngati Ptolemy ndi malemba a Chigiriki a pa mwala wa Rosetta, mwala womwe unapezeka mu 1799 ndipo wakhala ku British Museum ku London kuyambira 1802 ngakhale Aiguputo akhala akuupempha. Iye n'kubwereza funso lake lomwe lija la eni ake. Ndinamuuzanso kuti a ku Zambia nawo akhala akupempha chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mu mgodi ku Kabwe mu 1921, chili ku London komweko.

Chants of Sennaar nayo ili ndi pake polakwika, muli malo ena oti uzibisalira alonda, ukaonedwa uyambirenso, ndipo pafupifupi tonse amene tasewera tinati zimenezo sizimafunika, zikungodula maganizo. Wina pa gulu anatchulanso Outer Wilds ya 2019, momwe umawerenga zolemba za mtundu wakufa wa Nomai pa makoma dzuwa lisanaphulike pa mphindi 22 zilizonse, iye akuti imeneyo ndiye mfumu ya onse chifukwa palibe chomwe umatola kupatula zomwe wadziwa, ine sindinaimalize chifukwa kuyendetsa chombo chake kumandichititsa chizungulire, koma ndikuona chomwe akutanthauza.

Holide yomweyo tinapita ku Dedza kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija, mizere ndi timizere tozungulira, akuti ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa. Mwanayo anafika ndi kope lake lomwe lija n'kuyamba kukopera, ati tione ngati chizindikiro china chikubwerezedwa. Pamwala wina tinapeza munthu analembapo dzina lake ndi makala pamwamba penipeni pa chojambula, ndinamva kuwawa ngati andilemba pankhope. Anyamata a pa gulu nditawatumizira zithunzi anayamba zoti eeh apa ndiye patuluke gemu yathuyathu, Chongoni, Mankhamba, mpaka ku Karonga. Ndingakondwe kwambiri itatuluka, ndipo achinyamata odziwa kupanga mapulogalamu alipo m'dziko muno. Koma ndinawauza kuti zoyera zambiri zija ndi za chinamwali ndi za gule, zili ndi eni ake amoyo, anamkungwi alipo, akumadzi alipo, ndipo pali zina zomwe sizinenedwa pabwalo, ndiye wopanga gemuyo ayambe wakhala pansi ndi mafumu ndi amayi a kumeneko amuuze poyambira ndi polekezera, asadzangofika ndi kamera n'kusandutsa mwambo wa anthu kukhala puzzle yotsegulira chitseko. Apo mnzathu wa Uncharted uja anavomera, ngakhale akuti iye gemu yopanda kuthamangitsana sagula.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mutipatseko kadanga, olo kamodzi pa mwezi, koti osewera azilembamo maganizo awo pa magemu m'Chichewa, kunena kuti iyi imafuna kompyuta yotani, ndi ma GB angati, ndi yoyenera ana a msinkhu wanji, chifukwa makolo ambiri amangogula kapena kungoletsa osadziwa zili m'katimo. Ine ndikhoza kuyamba ndi Chants of Sennaar ngati mungalole, kungoti mudikire kaye holide ikubwerayi chifukwa tinaimira pa mtundu wachinayi, aja a manambala ndi zosungunula zitsulo, ndipo mwini kope anandiletsa kupitiriza ndekha, anapita nalo ku sukulu.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe